Mfundo ya Pachibwano

Katerina anakhala zaka zambiri akudandaula za mkonono wa amuna ake, koma chimene chinkamuopsa sichinali mkononowo. Ankaopa pamene unkalekera. A Feston akagona, nyumba inkalira ngati chigayo cha pa Golomoti, kenako mwadzidzidzi kunkangoti zii. Chifuwa chawo chinkakoka, koma mpweya osalowa. Katerina ankadikira mtima uli m'mwamba mpaka bamboyo atatsamwa n'kupuma ngati munthu amene wangovuulidwa m'madzi. Akawauza m'mawa, iwo ankangoseka.

"Ndiye inu simugona, mayi a Ireen? Mwalembedwa ulonda wa mphuno zanga?"

Kuseka kunatha tsiku limene anagwidwa tulo akuyendetsa ngolo kuchokera kusikimu ya mpunga ya Bwanje, dzuwa lili paliwombo. Ng'ombe zitaona kuti mwini wake wazisiya zokha zinakhotera kumene kunali madzi, ndipo ngolo, matumba ndi a Feston omwe zinakathera m'ngalande. Ireen, mwana wawo wogwira ntchito ku Lilongwe, sanafune kumva zambiri. Anabwera kudzawatenga bambo akewo ngati mwana wothawa sukulu.

Kuchipatala anawapeza ndi mavuto awiri. Loyamba, akagona pakhosi pawo pankatsekeka. Lachiwiri, mapapo awo sankakoka mpweya wokwanira chifukwa cha TB imene anadwala kalekale. Choncho anabwerera kumudzi ndi makina awiri. Kakang'ono, kamene Ireen ankakatchula kuti sipapu, kankapopa mpweya kudzera m'paipi yofewa mpaka pakachigoba kovala pamphuno, kuti pakhosipo pasatsekeke. Aakuluwo ankapanga okosijeni n'kumutumiza m'kapaipi kakang'ono kolumikiza kupaipi ija. Mwayi wake nyumba yawo inali m'mbali mwa msewu wa tala, ndipo magetsi anali atakokamo kale.

Ireen anawasiyira malamulo ngati wansembe. Moto usayandikire makinawo, ngakhale kandulo. Kotembenuzira okosijeni asakakhudze munthu. Ndipo mpweya uzilowera m'mphuno, pakamwa pali potseka, chifukwa pakatseguka wonse umangothawira pomwepo.

Zinathandiza, tisaname. Mkonono unatheratu, mutu wa m'mawa unasiya, ndipo a Feston anayamba kumva ulaliki wa Lamulungu mpaka kumapeto, chinthu chimene sanachitepo chikwatirireni. Koma walira mvula walira matope. Kale Katerina ankadziwa kuti kukati zii ndiye kuti zinthu zavuta. Tsopano bata lomwelo ndi limene ankati ndi labwino, ndipo makutu ake sankatha kusiyanitsa bata la munthu wogona ndi bata lina lija. Anaphunzira kumangoyang'ana bulangete ngati likukwera n'kutsika.

Bata linalo Katerina ankalidziwa bwino kuposa anthu ambiri. Anali mmodzi wa amayi a mumphakati amene amaitanidwa mzimayi akamwalira, kukasambitsa ndi kukonza thupi. Nsagwada ya munthu womwalira imagwa, ndipo ukachedwa imauma choncho. Katerina ankadziwa kupisa nsalu kunsi kwa chibwano, kuidutsitsa m'mbali mwa makutu, n'kumanga pamutu mfundo yoti singasunthe ngakhale bokosi ligwedezeke bwanji popita kumanda. Anthu ankamuyamikira kuti maliro amene wakonza iye amaoneka ngati munthu wangogona. Sankanyadira ntchitoyo, koma sankaikananso.

Amene sanakondwere ndi makinawo anali a Esinati, alongo awo aakulu a Feston, amene ankakhala kuseri kwa mitengo ya mango. Iwo anali ataona amuna awo akuikidwa pa okosijeni kuchipatala Lachiwiri n'kumwalira Lachitatu, ndipo palibe dokotala akanawachotsa zimenezo m'mutu.

"Mpweya umenewu amapatsa munthu woti zake zada, alamu," ankatero. "Inu mwaulowetsa m'nyumba ngati mlendo. Tiona."

Mu Juni mpunga unachita bwino. Monga chaka chilichonse, matumba analowa kuchipinda chogona, chifukwa chakudya chosiya pabalaza chimamera miyendo. Anawasanjikiza kuyambira kumutu kwa bedi mpaka pafupi ndi chitseko, ndipo pambali pake anaikapo a chimanga atawathira ufa uja wophera anankafumbwe. Munthu ankalowa cham'mbali. Makina awiriwo anawapezera malo pakampata pakati pa matumba ndi bedi, ndipo a Feston ankagona mtima uli m'malo, dzanja litagunda chuma chawo.

Sipanathe sabata, mphuno zawo zinatsekeka. Poyamba ankati n'chimfine cha mwera. Ankamina mpaka maso kufiira, koma osatuluka kanthu. Akavala kachigoba kaja n'kugona, pakamwa pankatseguka pokha, ndipo mpweya wa makina unkatulukira pomwepo ngati tayala lobooka. Ankadzuka kukhosi kuli gwa, mutu ukuwawa, n'kukavula kachigobako mokwiya. Akakavula, mkonono wakale unkabwerera, pamodzi ndi kulekeza kwake kuja. Mvula ikakuona litsiro sikata: anayambiranso kusinza paliponse, ndipo milomo yawo inkada ngati ya mwana amene wadya jambula.

Katerina anaimbira foni Ireen.

"Muwiritse madzi, muthire mchere pang'ono, akazizira azikoka ndi mphuno n'kumina," anatero Ireen. "M'nyumbamo mulibe utsi kapena fumbi?"

"Fumbi lichokera kuti? Ndimasesa tsiku lililonse."

Sankanama. Kwa iye matumba sanali fumbi, anali chakudya.

"Chabwino. Mphuno zikatseguka koma pakamwa n'kumatsegukabe, m'katoni ya makina ija muli kalamba kakuda. Muwamange nako chibwano. Koma mphuno ziyambe zatseguka, amayi. Loweruka ndibwera ndi chigoba china chophimba mphuno ndi pakamwa pomwe."

Katerina anachotsa foni pakhutu n'kuiyang'ana.

"Amayi, mukundimva?"

"Ndimange chibwano cha bambo ako?"

"N'kalamba chabe. Anthu ambiri amagona nako."

"Iwe, ukudziwa anthu amene ine ndimawamanga zibwano?"

Ireen anapuma mokoka, monga amachitira ana a m'tauni akamalankhula ndi makolo awo. "Zimenezo n'zina, amayi. Ndipo milomo ikapitiriza kuda, musadikire ine, mupite nawo kuchipatala."

Zakuchipatalazo a Feston anazikana asanamve n'komwe mapeto ake. Munthu wamkulu angapite kuchipatala chifukwa cha chimfine, mpunga wina ukadali padwale? Madzi a mchere anayesa kamodzi, anawatsamwa, n'kukankha kapuyo. "Ine sindine nsomba yoti muziithira mchere," anatero. Kalamba kakuda kaja Katerina anakafunafuna m'katoni osakapeza. Kanali katamanga kale chishalo cha njinga, katadulidwa pakati ndiponso katada ndi girisi. Kunena zoona, mtima wake unatsikako pansi ataona choncho, ngati kuti Mulungu wamukanira yekha ntchitoyo.

Lachinayi masana a Feston anabwera kuchokera kudwale akuyenda ngati woledzera. Anakhala pakhonde, Katerina n'kuwapatsa thobwa. Asanamwe kawiri, kapu inapulumuka m'manja mwawo, mutu n'kugwera pachifuwa. Anawagwedeza, koma anachedwa kutsegula maso, ndipo atatsegula anamuyang'ana ngati sakumudziwa. Loweruka linali kutali.

Anawagwira dzanja n'kulowa nawo kuchipinda, cham'mbali, kudutsa matumba aja. Anayatsa makina onse awiri n'kuwaveka kachigoba. Asanawafunditse n'komwe, chibwano chinagwa, mpweya n'kuyamba kuthawa.

"Bambo a Ireen. Mphuno zatseguka?"

"Zatsegukako," anayankha maso ali chitsinzinire. Munthu watulo amavomera chilichonse kuti umusiye.

"Ireen akuti ndikumangeni chibwano."

"Mangani. Mangani ndigone."

Akanayenera kuwavula kachigobako, kuwatseka pakamwa ndi dzanja n'kumvetsera yekha ngati mphunozo zikukokadi. Sanatero. Mantha ake onse anali pansalu, ndipo munthu sangaope zinthu ziwiri mofanana nthawi imodzi. Nsalu yoyera imene ankasungira ntchito yake inali m'dengu pamwamba pa kabati, koma sanafune ngakhale kuyang'anako. Anatenga chitenje chakale chamaluwa ofiira n'kung'amba kachidutswa kakatali, akudziuza kuti nsalu yamaluwa siingaitane tsoka.

Anamanga mofooka. Chibwano chinagwanso. Anamanga kachiwiri, chinagwabe. Kachitatu anatsinzina kuti asaone nkhopeyo, ndipo manja ake, atasiyidwa okha, anachita zimene ankadziwa. Nsalu inapita kunsi kwa chibwano, m'mbali mwa makutu, n'kukakumana pamutu. Anakoka, anapinda, anakokanso. Phokoso la mpweya wothawa linasiya.

Atatsegula maso anaona zimene anaziona m'nyumba zambiri za m'mudzimo: munthu wagona chagada, milomo yatsekedwa bwinobwino, mfundo ili pamutu. Anachita chizindikiro cha mtanda n'kutuluka mothawa.

Panja anayamba kutembenuza mpunga umene anayanika patenti, ngakhale kuti anali atautembenuza kale. Anathamangitsa nkhuku zimene sizinalakwe kanthu. Khutu lake linali kuchipinda, koma kunkangomveka kung'ung'uza kwa makina aakulu aja. Ireen anati bata n'labwino, anadziuza choncho. Anafika pakhomo kawiri, kawiri konse n'kubwerera. Ankaopa kwambiri, ndipo chimene ankaopa sichinali kuwapeza atafa kokha. Ankaopa kuionanso nkhope ija, yokonzedwa ndi manja ake omwe.

Ali choncho, a Esinati anatulukira kuseri kwa mango atanyamula masamba a bulugama.

"Ndamva kuti achimwene agwetsa kapu pakhonde. Ndabwera ndi masamba, tiwafukize. Zamakina zanuzi zakanika."

"Agona, alamu. Asiyeni apumeko."

"Ndingowasuzumira."

"Alamu, dikirani ndikuuzeni kaye."

Koma a Esinati sanali munthu wodikira pakhomo la mlongo wawo. Analowa. Katerina anamva mapazi awo akudutsa pabalaza, chitseko cha kuchipinda chikukhula thumba, kenako kanthawi kochepa kopanda kalikonse. Kulira kumene kunatsatira ankakudziwa. Ndi kuja kumene kumaimitsa anthu m'minda.

"Mayo ine, mlongo wanga! Feston wapita osandiuza!"

Katerina sanadziwe mmene anafikira kuchipindako. A Esinati anali pansi, masamba ali mbwee. Pabedi a Feston sanali atagona mwabata monga anawasiyira. Chifuwa chinkakoka mwamphamvu mpaka pakhosi kulowa m'kati, koma mpweya sunkapita kulikonse. Mphuno zinali zotseka, ndipo pakamwa anali atatseka iye. Dzanja lawo linkakanda bulangete mofooka, likulephera kufika kumaso. Maso anali otseguka pang'ono, koyera kokha kukuoneka, ndipo milomo inali bii.

Anakoka kachigoba n'kukataya pambali, n'kugwira mfundo. Siinasunthe. Analowetsa zikhadabo, chikhadabo chimodzi chinathyoka. Anayesa kuivula nsaluyo yonse kudzera kuchipumi, koma inali itagwira ngati yamera pomwepo. Zaka zonsezi anthu ankamuyamikira chifukwa cha mfundo imeneyi, yoti simasuka.

A Esinati anamugwira mwendo. "Asiyeni, mwawakonza kale. Mukufunanso chiyani?"

"Ali moyo, alamu, ndisiyeni."

Pamwamba pa thumba lina panali kampeni kamene a Feston ankadulira ulusi wosokera matumba. Katerina anakatenga. Panalibe mpata wolowetsa chala pakati pa nsalu ndi tsaya, choncho anakanikiza kampeniko pafupi ndi khutu n'kucheka. Magazi anatuluka pang'ono, nsalu inaduka, ndipo chibwano chinagwa monga chimagwera cha munthu amene wangotsirizika.

Panalibe chinachitika. Katerina anaima ndi kampeni m'manja, akuyang'ana m'kamwa mouma mwa amuna ake. Anawaitana ndi dzina limene anali asanawaitanepo chibadwire Ireen.

"Feston."

Anawagwira mapewa n'kuwadzutsa ndi mphamvu zimene sankadziwa kuti ali nazo, n'kuwatsamiritsa kumatumba. Mutu unagwera kumbuyo. Kenako kunamveka kutsamwa kuja, konyansa, kokhala ngati kwa ng'ombe, kumene anakhala akukudandaula moyo wake wonse. Mpweya unalowa. Unalowanso. Katerina anazula kapaipi ka okosijeni pamene kanalumikizidwa n'kukagwirizira pakamwa pawo, misozi ikugwera pamanja.

Panthawiyi bwalo linali litadzaza. Kulira kwa maliro sikubwezeka ngati mawu olakwika. Amayi ena anali atayamba kale kuthandiza kulira asanalowe n'komwe, ndipo munthu wina anali atapalasa njinga kukauza akatekisiti. Atamva kuti mwini maliro akupuma, anthu anangoti kakasi, osadziwa ngati aseke kapena apitirize. Bambo wina wogula mpunga, amene anaimika galimoto yake kumsewu, anati awatengere kuchipatala msanga.

Kuti awatulutse atawanyamula, panafunika kuchotsa matumba a pakhomo. Amuna awiri anakoka loyamba n'kuliponya pabalaza. Fumbi linabuka, loyabwa lija la mpunga losakanikirana ndi ufa wa anankafumbwe, n'kudzaza kuwala kumene kunkalowera pawindo. Onse awiri anayamba kuyetsemula. Amene anawatsatira nawonso anayetsemula, mpaka a Esinati omwe pansi paja.

Katerina anayang'ana fumbilo, n'kuyang'ana kamakina kakang'ono kamene kanali m'kampata kake, kumbuyo kwake kutagunda thumba. Anatsegula kachitseko ka kumbuyoko, kumene Ireen anamuonetsa kasefa koyera ngati thonje. Kanali kofiirira, katamatirira timankhusu. Masiku onsewa makinawo ankakoka mpweya wa m'matumba n'kumawapopera a Feston m'mphuno. Anakumbukira mmene anayankhira mwana wake monyadira kuti amasesa tsiku lililonse, ndipo anachita manyazi osakanikirana ndi mantha.

Akukwera galimoto, a Esinati anamulankhula pamaso pa anthu onse, mosakweza mawu.

"Munthu wamoyo amamumanga chibwano, alamu? Changu chake chinali cha chiyani?"

Katerina anakwera n'kuika mutu wa amuna ake pamiyendo pake, ndipo njira yonse dzanja lake linali pachifuwa chawo.

Kuchipatala anawagoneka masiku angapo. Dokotala anati m'mphuno munali mutatupa chifukwa cha fumbi, n'kuwapatsa mankhwala opopera. Katerina atafotokoza za nsalu ija, akuyang'ana pansi, dokotalayo sanamukalipire. Anati kumanga chibwano si kulakwa, koma osati mphuno zili zotseka, ndiponso pazikhala mpata woti zala ziwiri zilowe. Ireen anafika Loweruka ndi chigoba chatsopano chija, koma chinapezeka chaching'ono pankhope yotakata ya bambo ake, moti anabwerera nacho kuti akasinthe. Asanapite anachotsa matumba onse kuchipinda, anakolopa, anasintha kasefa, n'kuwauza bambo ake kuti akuba akabwera adzawalipira yekha. A Feston anang'ung'udza, koma sanatsutse.

M'mudzi nkhani inali itayenda kale. Ena ankaseka, n'kumawatcha a Feston kuti Lazaro. Ena sankaseka. Katerina akafika pamjigo, nkhani zinkaduka, ndipo a Esinati anasiya kulandira mbale yochokera kunyumba kwake. Zimenezo akanatha kuzipirira. Chimene chinkamusowetsa mtendere n'choti ngakhale mphuno zinatseguka, pakamwa pa a Feston panali patazolowera kugwa, mpweya n'kumathawabe, ndipo chigoba china chinali chisanabwere.

Tsiku lachiwiri atatuluka m'chipatala, dzuwa litapendeka, a Feston anati akufuna kugonako. Anaitanitsa okha madzi a mchere, anakoka, anamina, osanenapo za nsomba. Kenako anatseka pakamwa n'kukoka mpweya ndi mphuno mwamphamvu, kawiri, kuti mkazi wawo amve. Anapisa dzanja kunsi kwa pilo n'kutulutsa kachidutswa kena ka chitenje chamaluwa chija. Anali atang'amba okha.

Katerina anabweza manja kumbuyo. "Ayi, bambo a Ireen. Ine ayi."

"Nanga amanga ndani? Achemwali?"

"Ndinatsala pang'ono kukuphani."

"Amene ananama kuti mphuno zatseguka ndi ine. Amene anadula nsalu ndi inu." Anakhudza kabala ka pafupi ndi khutu. "Ndikuopa nanenso, mayi a Ireen, musaone ngati sindikuopa. Koma ndikagona chonchi ndimamira. Kodi mfundo mumadziwa imodzi yokha? Ireen munkamubereka ndi iti?"

Katerina anaiyang'ana nsaluyo nthawi yaitali asanailandire. Ulendo uno sanatsinzine. Anawaveka kachigoba, anapisa nsalu kunsi kwa chibwano, koma m'malo mokamanga pamutu anaibweretsa pambali, pamwamba pa khutu, n'kupisa nsonga monga ankachitira pachifuwa pake pobereka mwana, moti kungokoka kamodzi yamasuka. Analowetsa zala ziwiri pakati pa nsalu ndi tsaya. Zinalowa. Nsonga yotsalayo anaikulunga kuchala chake n'kukhala pampando pambali pa bedi.

A Feston anagona. M'chipindamo munali zii, kupatula kung'ung'uza kwa makina. Bulangete linakwera, linatsika. Nthawi iliyonse bulangetelo likatsika Katerina ankadikira ngati kuti silikweranso.

Kunja kunamveka odi wapansipansi. Anali a Tereza, mnzake wa mumphakati, amene ankagwira naye ntchito ija. Anafika pawindo n'kulankhula monong'ona, maso akuwathawitsa pabedipo.

"A Anjelina atisiya chakumasanaku. Amayi asonkhana kale, akudikira inu. Mutenge nsalu, thupi lisanaume."

Katerina anayang'ana dengu lija pamwamba pa kabati. Chiyambireni ntchitoyi anali asanakanepo maliro a munthu, ngakhale a mdani.

"Lowani mutenge denguli, a Tereza. Mukamange ndinu."

"Ine mfundo yanga simagwira ngati yanu."

"Ikagwira. Iwo sakufunanso kupuma."

A Tereza analowa mwakachetechete, anatenga dengu n'kutuluka. Katerina sanawaperekeze ngakhale pakhomo. Kutali kulira kunali kutayamba, ndipo iye anakokera mpando wake pafupi, nsonga ya nsalu ili kuchala, maso ali pabulangete.